Chikumbu cha a Isaki

Kumunsi kwa Domasi Mishoni, pamene njira imayamba kutsetsereka kulowera kumtsinje, pali nyumba ya njerwa zowotcha, malata ake ofiira ndi dzimbiri. Kuseri kwake kuli chisakasa chachitali kuposa khitchini. Pamenepo ndi pa mayi Maness. Mchombo wawo unakwiriridwa pamalo omwewo. Agogo awo anachokera ku Mozambiki kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nadzapempha malo m'chigwa muno. Chilomwe chinathera pa amayi awo; kwa a Maness kunangotsala moni ndi kaphikidwe ka kalongonda.

Sukulu anailekezera sitandade sikisi. Kenako anakwatiwa ndi a Isaki, mnyamata wa kwa Malemia, wamtali, wa mawu ochepa, amene anabwera pachikamwini ndi njinga, sutikesi ndi katoni ya mabotolo opanda kanthu. A Isaki ankagwira ntchito ku ofesi ina ya kafukufuku wa mitengo ku Zomba, ndipo gawo lawo linali lotola tizilombo towononga mitengo. Amuna anzawo akamaweruka atapachika usipa pahandulo, iwo ankafika ndi chikuni chofumbwa pakaliyala, n'kuchitsitsa mosamala ngati munthu wodwala.

"Chimenechi musakolezere moto," anatero tsiku loyamba.

"Nanga chikuni ntchito yake n'chiyani?"

"Muli alendo m'katimo."

A Maness anapirira miyezi ingapo, kenako anakatula nkhaniyo kwa ankhoswe. Iwo azikatola nkhuni kuphiri mpaka khosi kuuma, pamene kuseri kwa nyumba kwadzaza zikuni zouma gwaa, zofunditsidwa maneti a udzudzu ngati makanda! Ankhoswe anabwera, anazungulira chisakasa chija, nafunsa ngati mkamwiniyo amamwa. Ayi. Amamenya? Ayi. Kumunda amapita? Amapita.

"Ndiye tiweruze chiyani, mwana iwe? Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinawagonjetsa a Maness si ankhoswe ayi, koma chidwi. Tsiku lina mvula yoyamba itagwa, a Isaki anawaitanira kuchisakasa. Pachikuni china panali bowo latsopano, lozungulira bwino ngati waboola kalipentala, ndipo paneti panakangamira chikumbu cha nyanga zazitali kuposa thupi lake, chikuzigwedeza uku ndi uku ngati munthu wofufuza njira ndi ndodo. A Isaki atachigwira ndi zala ziwiri, chinayamba kulira, tswii, tswii.

"Iii, chimalira?"

"Chikudandaula. Chakhala mumdima nthawi yonseyi, lero chatuluka, ine n'kuchigwira."

Anawafotokozera kuti chachikazi chimaikira mazira m'khungwa, mphutsi n'kulowa mumtengo, n'kumadya, n'kumataya utuchi panja mpaka itakhwima. Mitundu yake ndi yosawerengeka, ndipo uliwonse uli ndi mitengo imene umakonda, komanso dzina lake la Chilatini limene akatswiri a maiko onse amamvana nalo. Pang'onopang'ono a Maness anaphunzira kuyang'ana: kamunga ka paphewa, mawanga a pamsana, ubweya wa panyanga. Mayina a Chilatini ankawapota lilime, choncho anazipatsa zikumbuzo mayina awoawo. China ankachitcha M'busa chifukwa cha mzere woyera pakhosi. China, chimene chinkaluma chala mpaka magazi, anachitcha Apongozi. Maso a a Isaki atayamba kuchita chidima, owawerengera mawanga anali akazi awo.

Ana awo awiri, Stewart ndi Happiness, ali kusekondale, kunabwera mzungu wina wa ku Ulaya dzina lake Tobias, wowonda, wofiira ndi dzuwa, wolankhula Chichewa chothyokathyoka. Anali katswiri wa zikumbu zanyanga zomwezi. Anayenda ndi a Isaki m'chigwa monse, m'madimba ndi m'makwalala, ndipo pochoka anatenga zikumbu zochepa zimene zinatuluka m'nthambi ya mkuyu wa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Zinali zotuwa ngati phulusa, mizere iwiri yachikasu pamsana, nyanga zotalika kwambiri. Zonse zinali zazimuna. Chachikazi chake a Isaki anachifunafuna zaka ndi zaka, koma sanachione.

Patapita nthawi uthenga unafika wakuti mtunduwo sunalembedwepo kwina kulikonse, ndipo a Tobias, amene anali ndi ufulu woutcha dzina, anautcha isakii, kutanthauza kuti cha a Isaki.

A Isaki sanavine. Anavala jekete lopitira kutchalitchi, anapalasa njinga mpaka pa Songani, nabwerako ndi nyama ya mbuzi ndi chitenje chatsopano cha akazi awo. Akudya pakhonde anayamba kuseka okha.

"Amake Stewart, ndikadzafa musadzavutike ndi simenti. Ine chiliza changa chimauluka."

"Za imfa musamazikambe pachakudya."

"Ndikunena zoona. Simenti imang'ambika. Koma dzina limeneli, ngakhale ku China akachiona chikumbucho azitchula ine."

Anamwalira atapuma kale pantchito, m'chilimwe, akugalauza m'dimba. Anangoti mutu, nakhala pansi pamzere, basi. Anthu a pamaliro atamwazikana, Stewart anabwerera ku Joni kumene amagwira ntchito ya zomangamanga, Happiness kwa mwamuna wake ku Mzuzu. Abale a malemu anatenga njinga ndi jekete. Mabotolo ndi zikuni palibe anazifuna.

Nyumba inakula. A Maness anazindikira kuti munthu wa mawu ochepa amaidzazabe nyumba: kutsokomola m'mawa, kukoka mpando, kugogoda khasu pamwala. Tsopano zonsezo kunalibe. Lachinayi ankapita ku Mvano, Lamulungu kutchalitchi, koma masiku enawo dzuwa linkatha kulowa asanatsegule pakamwa, kupatula poitana nkhuku. Masana dzuwa likaswa mtengo, mudzi uli zii, ankakhala pakampando m'chisakasa n'kumamvera mphutsi zikukukuta m'zikuni, kerekere, kerekere. Zikuni zikatha ankatola zina. Zikumbu zikatuluka ankaziyang'ana, n'kuzitchula mayina, n'kuzisiya ziuluke, poti panalibenso wozitengera ku Zomba. Anzawo a Mvano anawalangiza mwachikondi kuti ataye zinthu za malemu, mtima upole. Ena sanalankhule mwachikondi, ndipo panali anthu amene anayamba kulambalala podutsa kuseri kwa nyumbayo.

Zinakhala choncho zaka zingapo. Loweruka lina m'nyengo yokolola, wakabaza anatsitsa mtsikana pabwalo. Anali wochepa thupi, atafunda mpango kumutu monga achitira Asilamu, chikwama kumsana. Anagwada chapatali napereka moni.

"Ine ndine Husna, amayi, kwathu ndi ku Liwonde. Ndikuphunzira za tizilombo kuyunivesite ku Zomba. Ndimafuna pakhomo pa malemu a Isaki."

"Mwafika."

Panali patapita nthawi yaitali mlendo asanatchule dzina limenelo pabwalopo. A Maness anayala mphasa, anatulutsa thobwa. Atamwa, Husna anatulutsa foni nawaonetsa chithunzi cha chikumbu chotuwa cha mizere iwiri.

"Ichi mukuchidziwa?"

"Ndingachiiwale? N'cha abambo."

Anawaonetsa china. Ichi chinali chofiirira, chojintcha, nyanga zazifupi, chobayidwa ndi singano yadzimbiri, mwendo umodzi wothothoka.

"Ichi chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Ulaya. Anachitola mzungu wina m'phiri la Zomba kalekale, nachitcha monticola. N'chachikazi, ndipo chilipo chokhachi. Amayi, sindikufuna kukubisirani. Ine ndikuganiza kuti ichi ndi chachikazi cha chija. Mtundu umodzi."

"Sizikufanana n'komwe."

"Tambala ndi thadzi amafanana, amayi?"

A Maness anayang'anitsitsa. Mtundu wa thupi unali wina, nyanga zina, koma kamunga ka paphewa kanapindikira kumbuyo chimodzimodzi. Anachiona chimenecho, koma sananene.

"Chabwino, zikhale mtundu umodzi. Vuto lili pati? Chapeza mkazi, tiyamike."

Husna anayang'ana pamphasa. "Mtundu umodzi sukhala ndi mayina awiri. Lamulo lathu limati dzina limene linayamba ndilo limakhala. Lobwera pambuyo limachoka."

"La abambo."

"Eya, amayi."

Mtsikanayo anafotokoza kuti a Tobias akukana kwamtuwagalu. Awiriwo akhala akutsutsana m'mabuku a akatswiri, ena kuikira kumbuyo uyu, ena uyo, ndipo palibe wogamula chifukwa palibe amene anaziona ziwirizo zili pamodzi. Cha ku Ulaya chija n'chakale kwambiri, makina oyezera akulephera kupezapo kanthu. Njira yotsala inali imodzi: kusunga zikuni za mkuyu mpaka zitatuluka zonse, chachimuna ndi chachikazi, n'kuona ngati zikudziwana.

"A Tobias omwewo ndi amene anandiuza kuti wotha ntchito imeneyi ndinu."

"Ndiye mwabwera kuti ine ndikuthandizeni kufufuta dzina la mwamuna wanga."

"Ndabwera kuti tidziwe zoona. Mwina wolakwitsa ndine."

A Maness anatola makapu, naimirira. "Dzuwa lapendeka, mwanangu. Kuno makabaza amasowa madzulo."

Sabata imeneyo anakolola chimanga ndi mkwiyo. Koma mkwiyowo unawachitira chinthu chimene sanayembekezere: anapeza wokangana naye. Akamatong'ola chimanga pakhonde ankamuyankha mtsikanayo mokweza, mawu akuthwa amene sanawapeze tsiku lija, mpaka nkhuku kumatembenuka. Loweruka litakwana anadzipeza akusuzumira kunjira.

Husna anabweranso patapita masabata angapo. Za dzina sanatchule. Anapempha kuona chisakasa, nafunsa mmene a Isaki ankasankhira chikuni, nthawi imene ankachiwaza madzi, ndi mmene ankathanirana ndi chiswe ndi linthumbu. A Maness anayamba ndi kuyankha mwachidule, koma pakamwa patatseguka sipanatsekekenso. Anafotokoza za phulusa lothira kuzungulira miyendo ya thandala, za kugogoda chikuni ndi chala kuti umve ngati muli moyo, za tsiku limene a Isaki anagwera mumtsinje atakumbatira chikuni, chipewa n'kupita ndi madzi, iwo n'kuvuuka akufunsa ngati chikunicho chanyowa. Husna anaseka mpaka misozi. Ana awo enieni sanafunsepo zimenezi. Kwa iwo chisakasa chinali chinthu chochititsa manyazi pamaso pa anzawo.

Pomuperekeza, a Maness anaima panjira.

"Ndichita. Koma osati chifukwa cha iwe. Ndikufuna ndione ndi maso angawa."

Mikuyu m'chigwamo inali itatha, ina kupita kumakala, ina kumauvuni a njerwa. Waukulu wotsala unali m'dimba la a Jacob, oyandikana nawo munda, ndipo nawonso anali atayamba kuusadza kuti awotchere njerwa. A Maness anapita kukaona nthambi zimene zinagwetsedwa. Zina zinali zouma kale, ndipo pakhungwa panali timilu ta utuchi watsopano.

"Achimwene, nthambi izi mundipatse."

"Mayi, zofumbwazo n'zimene zimayaka bwino. Ine ndiwotchere chiyani?"

"Kadulani mabulugama awiri kuseri kwanga, aja anadzala abambo."

A Jacob anawayang'ana ngati munthu amene mutu wasokonekera, koma sanachedwe kukatenga nkhwangwa. Mabulugama awiri posinthana ndi nthambi zowola! A Maness anatuta zikunizo pawilibala yobwereka, okha, ulendo ndi ulendo, msana ukuchita kulira.

Tsiku lina Husna anaimbira a Tobias, nkhope yawo n'kuonekera pafoni. Anali atakalamba, tsitsi mbuu, khosi ngati la nkhukutembo. Atawaona a Maness anaomba m'manja.

"Mayi! Musaope. Dzina la Isaki silichoka. Mtsikana ali wanzeru kwambiri, koma walakwa."

Husna, amene anagwira foniyo, anangomwetulira. A Maness anadabwa kuona anthu awiri otsutsana chonchi akufunsana za moyo ngati agogo ndi mdzukulu.

Kuyambira pamenepo Husna ankabwera pafupifupi Loweruka lililonse. Sabata ya a Maness inayamba kukhala ndi mutu ndi mchira. Lachisanu ankasesa bwalo mpaka kunjira. Akafuna kupha nkhuku ankainyamula kupita nayo kwa Msilamu wina wa kutsidya kuti akachinje, mlendo wawo adye ndi mtima umodzi. Anamuphikira kalongonda; Husna anayamba ndi kuopa, poti anamva kuti akapanda kupsa amaledzeretsa, koma anamaliza ndi kupempha wina. Akatha kuyendera zikuni ankakhala pamthunzi n'kumakangana.

"Kodi monticola wakoyo ndiye kuti chiyani?"

"Chokhala m'phiri."

"M'phiri? Chimakhala kumtsinje kuno, m'mikuyu. Ndiye dzinalo n'labodza."

"Dzina silifunika kunena zoona, amayi. Limangofunika kukhala loyamba."

"Lamulo lanulo analipanga ndani? Ine nditabadwa agogo ananditcha dzina la Chilomwe. La Maness linabwera pambuyo, paubatizo. Ndiye Maness achoke?"

"Loyambalo linali lakuti ndani?"

A Maness analitchula motsitsa mawu, ndipo anadzidzimuka kulimva likutuluka m'kamwa mwawo. Onse amene ankawaitana nalo anali kumanda. Husna analibwereza molakwika, iwo n'kumukonza, iye n'kubwerezanso mpaka analikhoza. Kenako anawafotokozera kuti popanda lamulo limenelo aliyense bwenzi akutcha chikumbu dzina lomukomera, ndipo wa ku Malawi ndi wa ku Japani sakanamvana kuti akunena chiti.

"Ndamva," anatero a Maness, "koma sindinavomere."

Mvula yoyamba itagwa zikumbu zinatuluka, koma za mitundu ina: M'busa, Apongozi, ndi tina tating'ono takuda. Chotuwa chija chinatuluka chimodzi chokha, chachimuna, chinazungulira muneti masiku angapo n'kufa. Husna anakhumudwa. Anati mwina mphutsi zina sizinakhwime, adikire mvula ya chaka chamawa. A Maness anamulimbikitsa ndi mawu abwino, koma mumtima anasangalala, ndipo anadziwa chifukwa chake. Dzina linali lidakalipo. Ndipo Loweruka linali lidakalipo.

Chaka chinazungulira. M'mwezi wa Disembala, m'mawa wina pakati pa sabata, mvula itakata, a Maness analowa m'chisakasa ndi beseni la phulusa. Pachikuni chachikulu cha kumapeto panali mabowo atsopano. Anawerama, nasuzumira muneti.

Chinali pamenepo. Chofiirira, chojintcha, nyanga zazifupi, chamoyo, chikuyenda pang'onopang'ono pakhungwa. Ndipo pamsana pake panali chotuwa cha mizere iwiri, chitachigwira zolimba ndi miyendo yakutsogolo, nyanga zake zazitali zitatambasuka ngati munthu woletsa ena kuyandikira.

Beseni linawapulumuka. Phulusa linati mbwee pamapazi.

Panalibe wina aliyense padziko amene anaziona. Kumasula chingwe cha neti inali ntchito ya kamphindi. Ziwirizo zikanauluka kulowera kumtsinje, nkhani n'kuthera pomwepo. Dzina la a Isaki likanakhalabe. Husna akanati tidikire mvula ina, n'kumabwerabe Loweruka, chaka china chathunthu, mwina ziwiri. Bodza limodzi lokha likanawasungira zonse ziwiri, mwamuna wawo ndi mlendo wawo.

Anagwira chingwecho. Anachisiya. Anatenga khasu napita kukapalira, koma anazindikira kuti akudula chimanga m'malo mwa udzu, nabwerera. Zikumbu zija zinali zidakali pomwepo. Anazitola mosamala n'kuziika m'botolo lalikulu la a Isaki, anaponyamo timphukira ta mkuyu, natseka ndi kansalu. Anadziuza kuti akungofuna zisafe pamene iwo akuganiza.

Tsiku limenelo sanadye. Anakhala pakhonde botolo lili pamiyendo, akuliyang'ana. Ndipo m'kuyang'anamo mkwiyo ndi mantha zinaphwa, kunatsala china cholemera kuposa zonsezo. Ichi n'chimene a Isaki anachifunafuna zaka zonse zija, kulowa m'madimba a eni, kulumidwa ndi mavu, kubwera madzulo ali chimanjamanja. Akanakhalapo bwenzi akufuula, munthu wosafuula uja: amake Stewart, tabwerani mudzaone! Lero chapezeka, chili m'manja mwawo, ndipo palibe womuitana. Akapita nacho kwa a Jacob angaseke. Ku Mvano angawapempherere. M'dziko lonse la Malawi munali munthu mmodzi yekha amene akanaona chimene iwo akuona.

Kutacha anakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira bwino.

"Husna, bwera. Mkazi wake wapezeka."

Husna anafika masana omwewo, pakati pa sabata, matope mpaka m'mawondo. Anagwada pafupi ndi botolo, naliyang'anitsitsa. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Atamaliza anakhala pansi, natembenuka.

"Pepani, amayi."

"Ukupepesa chiyani? Unachilenga ndiwe?"

Anazisunga mpaka chachikazi chinaikira mazira m'khungwa, kenako Husna anazitengera ku Zomba. Nkhaniyo inatenganso chaka, akatswiri akuunika zithunzi ndi zikumbu zomwe, koma mathero ake anali odziwikiratu. A Tobias anavomereza. Anaimba okha pafoni ya a Maness, madzulo ena iwo akuchokera kumtsinje, ndipo a Maness anakwera pachulu paja kuti amve bwino.

"Mayi, ndaona. Mtsikana ananena zoona. Pepani. Isaki anali mnzanga..."

Chichewa chawo chinathera pamenepo, ndipo a Maness analibe Chingerezi chowathandizira. Anangogwira mafoni, wina ku Ulaya, wina pachulu, akumva kupuma kwa mnzake, mpaka foni inaduka yokha. Sanaimbenso.

Husna anabwera ndi buku la akatswiri mmene nkhaniyo inatuluka, nawaonetsa tsamba lake. Pamwamba panali monticola m'zilembo zazikulu. Pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, panali isakii.

"Silinafufutidwe, amayi. Lizikhala pamenepa mpaka kalekale, pansi pa linzake, kuti anthu adziwe kuti chinatchedwaponso choncho."

A Maness anaika chala pa dzinalo, nalisisita.

"Akhala chikamwini ndi m'buku momwe," anatero, ndipo anaseka pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma.

Atamuimbira Stewart kumufotokozera kuti dzina la abambo ake lachotsedwa, iye anali pantchito, makina akulira kumbuyo kwake.

"Dzina liti, amayi? Lachotsedwa pati?"

"Pachikumbu chija."

"Ooo, zija! Ndimayesa china chachitika. Nanga miyendo ili bwanji?"

"Ili bwino, mwanangu. Gwira ntchito."

Husna anamaliza maphunziro ake, napeza ntchito ku Lilongwe. Poyamba ankaimba sabata iliyonse, kenako mwezi ukatha, kenako pakachitika chinachake. A Maness sanamuimbe mlandu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma Lachisanu manja ankapitabe okha kutsache, ndipo ankazindikira atasesa kale mpaka kunjira. Happiness anawatengera ku Mzuzu kuti akapumeko. Anakhalako mwezi wosakwana, m'chipinda chimodzi ndi adzukulu amene maso awo sankachoka pa wailesi yakanema, kuzizira kukulowa m'mafupa, ndipo anapempha kuti awakweze basi.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, Husna anaimba ndi mawu osangalala. Akukwatiwa, ukwati uli kwawo ku Liwonde, ndipo amayi asalephere.

A Maness anavala diresi la buluu ndi nsapato zimene anawatumizira Stewart, anakwera minibasi pa Songani, napita. Sanaloweko pa ukwati wa Chisilamu chibadwire. Anawakhazika pamphasa pakati pa amayi ofunda mipango yonyezimira, onse akulankhula Chiyao chothamanga chimene iwo ankangotolamo mawu amodziamodzi. Anadya mpunga ndi nyama mwakachetechete, akumwetulira aliyense wowayang'ana. Mkwatibwi atatuluka, manja ojambulidwa maluwa, anawaona m'gulumo, nadutsa anthu onse kudzagwada pamaso pawo. Anawagwira dzanja, nawauza azakhali ake kuti awa ndi amayi anga a ku Domasi. Azakhaliwo anawapatsa moni ndi manja awiri. Kenako mkwatibwi anaitanidwa kwina, poti tsikulo linali la anthu ambiri, ndipo sanapezenso mpata.

Ananyamuka dzuwa lidakali m'mwamba kuti asasowe galimoto. M'minibasi anakhala kuwindo, atafumbata kapulasitiki ka mpunga kamene anawapatsira, phiri likuyandikira pang'onopang'ono, mitambo itaunjikana pamwamba pake. Pa Songani anatsika. Akabaza onse anali atathawira m'makhonde a sitolo poopa mvula, choncho anauyamba wapansi. Nsapato zinawaluma zidendene, ndipo atapitirira nyumba zomaliza za pamsika anazivula n'kuzinyamula m'manja.

Anafika mvula itayamba kuwaza. Chitseko chinali monga anachisiyira. Analowa, anaika mpunga uja patebulo, anapachika diresi, namanga chitenje chakale. Kenako anatulutsa ndowa ndi mabeseni, naziika m'munsi mwa malata kuti zitape madzi, nakhala pakhonde atatambasula mapazi otupa, kudikira kuti zidzaze.